Kope la Pansi pa Mpando

Pondipatsa makiyi anandipatsanso kope.
Lemba, anatero a Selestino a ku ofesi:
tsiku, mtunda, nyengo, ndi zotsala mu batire.
Ndinaseka. Zaka khumi ndi zinayi pa dizilo
sindinafunsepo thambo chilolezo.

Juni, ku Ulongwe.
Galasi layera, zala zikukana chiwongolero.
Ndinaidyetsa magetsi usiku wonse mpaka kukhosi,
koma tisanafike kwa Domwe
yadya kale ngati mlendo wobisa njala.
Ndayatsa chotenthetsera, manambala akuthothoka.
Ndazimitsa. Ndavala jekete lachiwiri.
Ndalemba: chisanu chimaba osathamanga.

Potsetsereka kupita ku Musakama imabweza.
Phazi ndachotsa, nambala ikukwera yokha,
awiri, atatu pa zana,
ngati wangongole wagwidwa ndi manyazi.
Pobwerera chitunda chomwecho chidzalanda zonse
ndi chiwongoladzanja.

Okutobala, mu Tete.
Phula wafewa, mbuzi zathawira pansi pa malole.
Anamwino Felizarda akumbatira bokosi la katemera:
Yatsa mphepo, Zakeyu, tisapsere muno.
Ndayatsa, ndikuwerengera chamumtima
makilomita amene mphepoyo ikumeza.
Ngakhale itaima pa mthunzi wa mlambe
imang'ung'udza yokha, kudzipepesa kutentha.
Madalaivala a makala ku Mowatize akufuula:
Yako ija yamwalira? Bwanji siikutsokomola?
Pamwamba pathu mawaya a ku Songo
akupita kutali osatipatsa moni.

Tsamba la Januwale ndi lamatope,
inki inasungunuka pakati.
Njira ya ku Furankungo inatigwira miyendo,
matayala akuzungulira pamodzimodzi,
nyali zoyaka masana, zopukutira galasi osapuma.
Tinalowa ndi zisanu ndi chimodzi pa zana.
Mwini chigayo, mayi Anastansiya,
anatibwereka soketi ya kuseri,
tinagona pa matumba a gaga
galimoto ikuyamwa pang'onopang'ono ngati mwana wodwala.
Sindinalembe nyengo tsiku limenelo.
Aliyense woona tsambalo adziwa.

Koma Epulo!
Mvula yatsanzika, chisanu sichinafike,
mawindo pululu, fungo la chimanga chouma,
palibe choyatsa, palibe chozimitsa.
Ulongwe mpaka mlatho wa Zambezi
nkutsalabe zokafikira kwa mlamu wanga ku Matundo.
Mwezi umenewo ndinalemba mochepa.
Mtendere ulibe mawu ambiri.

Dzulo a Selestino aimba foni:
Tipatse nambala imodzi ya mu lipoti,
imayenda makilomita angati ikadzadza?
Ndinatsegula kope, masamba atupa ndi thukuta ndi fumbi.
Ndinati, bwana, mwezi uti?
Mphepo ikuchokera kuti? Takwera angati?
Anati, imodzi yokha, Zakeyu.
Ndinawapatsa ya Juni, yaing'ono ija,
kuti wodzagwira chiwongolerochi ine nditachoka
asadzagone pa gaga.

Lero mitambo yaunjikana cha ku Tsangano.
Ndisanagwire makiyi
ndayamba ndatuluka panja, kuyang'ana kumwamba.