Zala Ziwiri

Sekelani anabwera Lachiwiri, mvula isanayambe,
ndi galimoto ya malemu bambo ake, a Njobvu,
Korola yoyera ija ya chitseko chomanga ndi waya.
Anaimika pa galaja yanga ku Kalingalinga,
malata anayi ndi mthunzi wa mpapaya,
nalowetsa dzanja pakati pa tayala ndi chitsulo cha pamwamba.
Chibakera chonse chinalowa.
"Mwaona, a Zimba? Ikuyenda ngati yakwera pa mpando.
Ine ndikufuna zala ziwiri basi."

Ndinamufunsa komwe amagona.
Anati anzake onse ali ku Kabulonga.
Sindinafunse za anzako, ndinatero.
Anangoseka, natsegula buti:
masipuling'i anayi ofiira, afupiafupi,
ndi masitirati a ku Kamwala, adakali mu pulasitiki.

Ndalama ndi yake. Ndinaika jeke.

Mabawuti a pansi sanafune kumva,
zaka zambiri akugwirana ndi dzimbiri.
Ndinawathira oyilo wakuda, ndinawasiya aganize,
kenako sipanala, paipi yoonjezera mkono,
phazi langa pa mwala,
mpaka woyamba analira kuti kwee
ngati chitseko cha nyumba yopanda anthu.

Sipuling'i sumasewera nayo.
Umaipana mbali ziwiri, pang'ono uku, pang'ono uko,
nkhope yako uli utaichotsa panjira,
pakuti mkati mwake muli mkwiyo wosungidwa.
Mnzanga Yotamu amatafunira mbali imodzi mpaka lero.

Zakale zinatuluka zakuda, zazitali, zotopa.
Ndinazidziwa.
Ndi zomwe zinasenza matumba a chimanga kuchokera ku Chongwe,
simenti ya chipinda chomwe mnyamatayu anakuliramo,
azimayi asanu a kwaya ndi ng'oma yawo.
Yakumbuyo kumanzere inali yopendama pang'ono,
mbali yomwe ankakhala amayi ake.

"Tayani," anatero, maso ali pa foni.
Ndinazikoloweka pa msomali kuseri kwa matayala.

Nditatsitsa jeke madzulo
galimoto ya a Njobvu inagwada.
Sindinama, inakongola,
inaoneka ngati mphaka wobisalira mbewa.
Sekelani anayeza: zala ziwiri, chachitatu chinakana.
Anandipatsa ndi ya drinki pamwamba.
Potuluka anadutsa hampu ya pa sukulu cham'mbali ngati nkhanu,
ekizozi ikukanda pansi kuti khwee,
minibasi zitatu kumbuyo zikumutukwana ndi mahutala.

Disembala anafika ndi zake.

Lamulungu lina m'mawa ndinamva kugogoda pa geti.
Anali iye, wopanda galimoto,
buluku lopinda mpaka m'mawondo, matope a Kanyama m'miyendo.
Anati waisiya pa phula, pafupi ndi filing'i siteshoni,
sabata yonse siinafike pakhomo.
Anati usiku shuga inawakwera amayi,
madzi ali m'njira mpaka m'akakolo,
ndipo anawatengera ku msewu pa wilibala ya aneba,
atafunditsidwa pulasitiki,
iye akukankha, mlongo wake akuunikira ndi foni.
Ali bwino tsopano, ali ku chipatala.
Sanalankhule kanthu, akuti,
anangofunsa ngati galimoto ya abambo yadwala.

Anaima pamenepo, akuyang'ana zala zake.
"Zija munataya?"

Ndikanatha kumuuza mwambi.
Ndili nayo yambiri, ndipo ina ndi yowawa.
Koma mwana amene wakankha mayi ake pa wilibala
wamva kale zonse.
Ndinangomuloza ku msomali.

Anazitsitsa yekha, imodziimodzi,
dzimbiri likumudetsa malaya a ku tchalitchi.
Ndinatenga jeke ndi bokosi la zitsulo,
tinakwera minibasi ya ku tauni,
iye atazikumbatira pa miyendo ngati mbuzi ya chiwongo.
Kondakitala anafuna kulipiritsa katundu.

Zofiira zija zili pa msomali womwewo tsopano.
Dzulo kunabwera mnyamata wina wa ku Chilenje,
walowetsa kale dzanja pamwamba pa tayala.
Ndamufunsa komwe amagona.
Sanandiyankhe.