Sabata Lachisanu ndi Chiwiri

Ku Mchinji ndinkadziwa tsiku limene simenti idzafike,
ndi dalaivala amene adzaname kuti tayala laphulika.
Mijigo makumi anayi, milatho iwiri,
zonse zinatha ndalama zisanathe.
Kuno ku Harare zonsezo ndi mapepala atatu
mu envelopu yomwe yayamba kufewa ndi thukuta.

Ndakwera kombi ya ku Belgravia,
kondakitala akukuwa m'Chishona,
ine ndikutola liwu limodzi pa asanu.
Pageti mlonda wati ndisiye patebulo.
Patebulopo pali kale mulu
wofika m'chigongono.

"Munagwirapo ntchito kuno?" Ayi.
"Chilolezo?" Chili m'njira.
Ndi mmene ankandiyankhira makontrakitala
ine nditavala chipewa choyera.

Usiku ku Dzivaresekwa magetsi athawa.
Ndi kuwala kwa foni ndajambula mizere kuseri kwa kalendala:
Lolemba Msasa, Lachiwiri Avondale,
Lachitatu kudikira.
Pamzere wa zimene zingatigwetse ndalembapo lendi.

M'mawa a Chimtengo, eni nyumba,
amene bambo awo anachoka ku Dedza wapansi,
andiitana m'Chichewa chakale, chazigamba:
mpingo ukumanga holo, chaka chachinayi chino,
khoma likadali m'chiuno,
ndalama sizidziwika kolowera.
Malipiro? Angoseka.

Ndapitabe, ndi tepi ndi kope.
Njerwa ndaziwerenga kawiri,
zikusowa mazana asanu ndi limodzi.
Ndafunsa amene amasunga makiyi.
Onse ayang'ana pansi,
ndipo koyamba chifikireni
ndamva nsapato zanga zikundikwana.