Kadontho Kachisanu ndi Chiwiri

Khungwa linabwera pa njinga, m'thumba la feteleza,
kuchokera kutsidya kwa Lutembwe.
A Zelipa Lungu analisenda okha ndi kasemasema,
nati, ili likalowa, m'mimba mwa mwana mumaleka kutseguka.

Ndinaliyanika, ndinalisinja,
ndinaliviika mu sipiriti masiku atatu
mpaka madzi anafiira ngati fumbi la ku Kapata.
Mtima unali utatsogola kale:
mankhwala atsopano, dzina langa pambali pake.

Ndinadontheza pang'ono pa kagalasi koyera,
tsinde lake ndinaliimika m'botolo.
Madzi anayamba kukwera
monga anthu pa phiri la Kanjala,
okakamira kutsalira m'munsi,
osagwira kanthu kuthamangira kunsonga.
Magetsi anazima. Ndinadikira.
Atayaka, pansi pa nyali yofiirira
ndinawerenga madontho asanu ndi awiri.

Zotsalazo zinakwera basi ya m'mamawa kupita ku Lusaka,
kumene makina amayeza kulemera kwa zosaoneka,
n'kuziswa, n'kufunsa zidutswa: kwanu n'kuti?

Yankho linandipeza pa foni, ndikugula tomato.
Asanu ndi mmodzi ali kale m'kaundula.
Wina amakhala m'masamba a tiyi.
Wina m'makoko a anyezi amene ndimataya tsiku ndi tsiku.
Wina m'khungu la mango,
analembedwa amayi anga asanabadwe.
Ndinayalira mphasa alendo,
osadziwa kuti ndi ana a pakhomo pomwe pano.

A Njobvu anaseka mpaka kuvula magalasi.
Iwe Tikambenji, wataya milungu itatu yokha.
Ine ndinasefa muzu umodzi zaka ziwiri,
kusefa, kusefanso, ndevu kuchita imvi,
kuti ndidzapeze chimene chinali pa shelefu
kumbuyo kwanga, m'kabotolo ka fumbi.
Funsa malonje msanga, usanaphe nkhuku.

Koma kachisanu ndi chiwiri,
kofooka, kobiriwira, kotsalira pafupi ndi tsinde,
kaundula sanakadziwe.
Kulemera kwake kulipo. Dzina palibe.

Mwina n'kachilendo ndithu.
Mwina ndi litsiro la m'thumba la feteleza lija.
Sindinauze munthu.

Loweruka ndibwereka njinga ya a Njobvu,
ndinyamula mapepala oyera, osagwirapo kanthu,
ndi shuga wa a Zelipa.
Ndikawafunsa mtengo womwewo, mbali yomweyo,
ndi nthawi imene anasenda,
ngati kunali kusanache kapena dzuwa litapendeka.