Mazira pa Kona ya Munro

Folo koloko m'mamawa, ku City Deep,
ndimapakira mathireyi a mazira
m'pikapu ya a Lekgetho, yondiposa zaka,
chisanu cha Joni chikuluma zala
ngati ndili nacho ngongole.

Tsiku loyamba bwanayo sadafunse za laisensi.
Adandigwiritsa chiwongolero, iwo nagwira kapu ya tiyi
yodzaza mpaka m'milomo,
nati: Tiye. Likagwa dontho, ubwerera kwanu.
Theka lidathera pa Munro Drive,
pa thalauza lawo lopitira kutchalitchi.
Sadandichotse ntchito.
Adangoloza panja ndi chala chonyowa.

Chikwangwani cha makona atatu, m'mbali mofiira,
m'kati muvi wakuda utapinda msana,
pansi pake kambale kakang'ono, nambala yokha.

Chozungulira chija, adatero, ndi wapolisi.
Ukachinyoza amakulemba, ulipira, nkhani yatha.
Koma aka ndi mnansi wokhalitsa pano.
Sikakugwira pamkono, sikakutengera kukhoti,
kamangonena zimene kadaona.
Ndipo amene adalemba nambalayi
adailemba dzuwa likuswa mtengo, msewu uli gwa,
matayala akadali ndi mano, kumbuyo kulibe kanthu.
Iwe wabereka mazira.
Chotserako.

Ndiye ndidaphunzira kuchotsera.
Mabuleki ndimaponda msewu ukadali wowongoka,
giya ndimatsitsa kona isanandipeze,
ndikalowa, phazi lipepuke,
maso asakhale pakhoma la miyala
koma uko msewu ukutulukira,
poti galimoto imalondola maso
monga mbuzi ilondola chingwe.

Mwezi wa Okutobala ndiye wachinyengo.
Jakaranda amayoyola maluwa msewu wonse,
alendo n'kumajambula zithunzi,
kenaka mvula yamadzulo iwaponda,
phula lisanduka therere.
Apo ndimachotseranso kawiri.
Tekisi ya ku Alex kumbuyoku hutala ili pipiii,
magetsi phethiphethi, dzanja panja likundinena.
Ndimaipatsa mpata ikapezeka njira.
Ine ndabereka mazira.

Zakeyu Chimphepo sadabereke mazira.
Tinkagona chipinda chimodzi ku Yeoville,
iye wa ku Phalombe, woseka ndi mapewa,
wokwera njinga yamoto, bokosi la zakudya kumsana,
foni pachiwongolero ikumuwerengera mphindi.
Ankati: Kanambala ako ndi ka agogo,
ine ndimapendekeka ngati kabawi.
Usiku wina wamatalala, pokhota pa Louis Botha,
njinga idakana kukhota.
Foni idapulumuka. Idapitiriza kuwerenga.

Tidasonkha mwezi wathunthu, makumi awiri, makumi asanu,
mpaka ngolo idapezeka.
Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, Mwanza.
Paulendo umenewo palibe adafulumira.
Pa kona iliyonse dalaivala ankatsitsa giya
ngati woopa kudzutsa wogona.

Chipewa chake chikadali pamsomali kuseri kwa chitseko,
mng'alu wake wotalika ngati chala changa.
M'mamawa ndimachipeza ndikamafuna makiyi.
Sindichigwira.

Lero ndatsika Munro kasanu ndi kawiri.
Ndikudziwa mwala uliwonse wa khoma lija,
ndikudziwa pomwe mzinda umatseguka mwadzidzidzi
n'kukukopa maso ndi mitengo yake yosatha,
koma kambale kaja ndimakawerengabe
ngati kalata yochokera kumudzi,
ngakhale ndikudziwa kale zimene ikunena.

Ku Orange Grove mayi Nomvelo amatsegula kazenera ka shopu,
kuunika thireyi lililonse ndi tochi ya foni,
kutembenuza dzira limodzi, lina,
kufuna chifukwa chondidulira ndalama.
Sachipeza.
Wachedwa, Mmalawi, amatero.
Eya, mayi, ndachedwa.
Ndimasaina m'kabuku kawo konyowa mafuta,
ndiliza injini,
kutsogolo kukadali makona asanu ndi limodzi
ndi mazira ochuluka osasweka.