Zilembo Ziwiri

Bokosi la azakhali Godelieve linafika pa lole Lachinayi,
anyamata awiri akulinyamula mobuula
ngati muli miyala.
Munali nsalu zokhazokha:
zofunda za bafuta khumi ndi ziwiri,
zapathebulo zitatu,
zopukutira m'manja ndinatopa nazo kuwerenga.
Fungo la sopo wakale ndi mankhwala a njenjete.
Panalibe ndi imodzi yomwe imene munthu anagonapo.

Bafuta wa kuno ku Kortrijk ndi wouma mutu.
Fulakesi wake anavundira mu mtsinje wa Leie
ine ndisanalotedwe n'komwe,
koma lero ukamugunditsa patsaya
amazizirabe ngati pansi pa tchalitchi.

Pangodya ya nsalu iliyonse, ulusi woyera pa nsalu yoyera,
zilembo ziwiri zakolekana mikono:
G ndi A.
G ndikumudziwa.
Ndiye anandiphunzitsa kusenda mbatata mosawononga,
ndiye ankandikoka khutu ndikaponda pokolopa.
Nanga A?

Ndinafunsa a Cyriel a khomo loyandikana,
amene mano anawathera koma mutu ukadali wonse.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
"Achiel ameneyo.
Anakwera sitima kukathyola fodya ku Kanada,
ati ndikapeze ya nyumba, zaka ziwiri ndabwera.
Kalata imodzi.
Kenako zii.
Anatchona."

Zaka makumi asanu ndi limodzi nsalu zili mumdima, kudikira.
Mopindamo munachita chikasu
ngati zala za wosuta.
Ndinaziviika m'madzi a mandimu usiku wonse,
m'mawa n'kuziyala pa kapinga kuseri kwa nyumba,
dzuwa lathu lamanyazili lizinyambite.

Sizasi inandilemera.
Katatu ndinaikweza, katatu ndinaibweza pathebulo,
ndikumva azakhali kumbuyo kwanga:
Marleen, chinthu chabwino sasewera nacho.
Kachinayi ndinatseka maso.
Khwee!
Denga silinagwe.

Chofunda choyamba tsopano ndi makatani a kukhitchini.
Kuwala kukamadutsamo kumakhala ngati mkaka.
Chachiwiri chinabala mapilo anayi,
imodzi yopindika pakamwa chifukwa makina anandithawa.
Yapathebulo ija inali ndi bowo la njenjete pakatikati,
ndinapetapo kambalame kofiira;
mwana wanga Wannes akuti ndi nsomba.
Zidutswa ndinasoka timatumba ta maluwa ouma,
lina lalikulupo la buledi,
ndipo kachingwe kotsala
kakumanga tomato ku mtengo wake.

Zinanditsalira ndi zilembo.
Ndinaziunjika m'mbale, mabanja khumi ndi awiri
a ukwati umene sunachitike.
Sabata yonse zinkandiyang'ana ndikamamwa khofi.

Loweruka ndinatenga kasizasi ka zikhadabo,
ndikupita pang'onopang'ono pakati pawo,
ulusi umodziumodzi,
kumasula mkono wa G pa mkono wa A.
Sindinkadziwa kuti azakhali ankasoka mothina chonchi.
Kuseri kwa chimodzi ndinapeza kadontho kofiirira
pomwe singano inawabaya.
Ndinakhala kaye.
Khofi anazizira.

G ndamuika pa pilo ya pampando wa pazenera,
pomwe dzuwa la masana limafikira.
Ali yekha, ndipo akuoneka kuti wapeza malo otambasulira miyendo.

A ndinamupinda kanayi,
ndinamuika thonje m'kati, n'kumusokerera kolowekera.
Amapachikika pa msomali pafupi ndi chitofu.
Poto akatentha, ndiye amapsa m'malo mwa zala zanga.
Wada kale mbali imodzi.

Dzulo a Cyriel anabwera kudzabwereka shuga,
anamuona, anamutembenuza, anawerenga chilembocho.
"Ha, Achiel," anatero,
"wabwera ndithu.
Ndipo wayamba ntchito."