Sitima Yopanda Mutu

Agogo Vendelín ankati sitima ndi mutu.
Mutu wakuda, wa thukuta, wotsokomola utsi,
woti uziudyetsa malasha ndi fosholo
kuchokera ku Brno mpaka kumathero a njanji
kumene nkhalango imatseka njira.
Zaka khumi ndi zinayi anaudyetsa.
Zikhadabo zawo sizinayerenso.

Tsono chakudza sichiimba ng'oma.
M'mawa wina wa chisanu
bogi imodzi, yokhayokha, yofiira psuu,
inatulukira pokhota popanda choikoka.
Ana anakwera pampanda wa siteshoni:
mutu yausiya kuti?
Injini inali m'mimba, pansi pa mipando,
ikung'ung'udza ngati mphaka wokhuta.

Sinkafuna wothira malasha.
Agogo anawapatsa tsache ndi nyali
kuti azisesa pokwerera anthu.
Analavulira panjanji, nati:
iyi ndi basi yosochera.
Mpaka tsiku lomwe anatsamira mkono
sanapondemo phazi.
Kumsika ankapita pa njinga, mvula kaya matalala.

Woiyendetsa anadzakhala mwana wawo.
Bambo anga, a Radomír,
ankati: sitima ya malasha inkadya ngati ukwati
kuti inyamule anthu khumi ndi mmodzi;
pakanapanda kabogi aka
njanji akanaizula kalekale.
Anatero pa chakudya chamadzulo.
Nyengo yonse yozizira
patebulo pankangolira masipuni.

Amati njoka utsate kumene kwaloza mutu.
Nanga iyi, ya nkhope ziwiri?
Tikafika kumathero sinkatembenuka.
Bambo ankazula chigwiriro cha mabuleki,
n'kuchipanira m'khwapa,
n'kudutsa pakati pa mipando akupepesa maondo a anthu,
kumbuyo n'kusanduka kutsogolo.

Ya faifi koloko m'mbandakucha ndiyo ndinkaidziwa.
Amayi a kufakitale ya nsalu, tulo tili m'maso,
ana asukulu akukoperana masamu pabondo,
mayi Ludmila Vrbová ndi tsekwe m'dengu
amene sanamulipirirepo n'kamodzi komwe.
Chotenthetsera chinkawotcha akakolo a kumanzere,
a kumanja akuuma gwa.
Pazenera panali nthunzi ya mpweya wathu
ndi mayina olembedwa ndi chala.
Masamba akayoyokera panjanji
magudumu ankaterereka pachitunda,
bambo n'kutsika ndi chidebe cha mchenga,
ife tonse chete, ngati kupuma kwathu n'kolemera.

Inenso ndinalowa momwemo.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndikuboola matikiti, khe, khe,
ndikudzutsa Květoslav pa siteshoni yake
chifukwa payekha akanakafika kunkhalango.
Anasintha injini kawiri,
mipando ya matabwa inakhala ya nsalu,
utoto unasuluka, anapakanso.
Fungo la dizilo lokha silinasamuke;
linakhazikika m'jekete langa
mpaka mwana wanga ankandizindikira nalo mumdima.

Chaka chatha kunabwera yoyera.
Nayonso yopanda mutu,
yayitali, yosalala, yoyenda ngati ikunyang'ama.
Zitseko zimatseguka ukadina batani.
Mayi wina wosaoneka amatchula masiteshoni
ndipo salakwitsa, sadwala chimfine.
Tikiti amagula pafoni.
Ine anandipatsa kalata ndi maluwa.

Tsiku limenelo malovu anadzaza m'kamwa.
Ndinayang'ana njanji.
Agogo, ndinakumvani,
patapita zaka zonsezi ndinakumvani.

Koma ndinameza, n'kukwera.
Bondo langa silingathe njinga,
ndipo mdzukulu ali ku Brno.

M'shedi kuseri kwa nyumba
fosholo yatsamira khoma,
chigwiriro cha bambo chili pamsomali,
kachibowolero kanga ndakaika m'chitini cha mabatani.
Sindinaziike pamodzi. Zingakangane.

Lachiwiri lililonse ndimakhala pakati pa bogi,
pamene kale pankakhala injini.
Ndimavula nsapato imodzi mwakachetechete,
n'kuponda pansi ndi sokosi,
kufunafuna kunjenjemera kuja.
Pa siteshoni yachinayi
maso anga amapita okha pampando wa pakona.
Květoslav anapuma ntchito kale,
koma pali mnyamata wina amagona pomwepo,
kukamwa yasa,
ndipo mayi wosaoneka uja sagwedeza phewa la munthu.
Ndimadzuka, nsapato ili m'manja.