Mainchesi Asanu ndi Limodzi

Pa chitseko chakale, kuseri kwa shopu ya Twaibu ku Linga,
asilikali a dongo aima chiimire kuyambira m'mawa.
Nsanza yabuluu ndiyo Bua.

Lamulo likuti kavalo ayende mainchesi asanu ndi limodzi.
Kuyambira pati?
Ine ndikuti pamphuno.
Twaibu akuti pachiboda,
poti mphuno siponda pansi.

Nanga akaviika mwendo umodzi m'madzi,
wawoloka kapena wangonyowa?

Wolemba malamulowo, Gelesomu,
adapita ku Joni ndi tsamba lachitatu m'thumba.
Foni yake imangolira.

Tepi ya telala yanyowa ndi thukuta m'manja mwanga.
Nyerere yadutsa pakati pa magulu onse awiri,
yawoloka Bua osayeza,
yakwera mzinga wanga,
palibe waiwombera.